Mkuyu Umene Makina Adalonjeza a Njovu

Kalekale, ana inu senderani kuno, ndipo inu akuluakulu musayambe kuwodzera, poti nkhaniyi ikukhudza inuyo kuposa anawa. Kalekale ndithu, koma osati kale loti sola kudalibe, padangokhala nkhalango ina ya zipatso zambiri ndi nyama zanjala.

Mukudabwa kuti zidatheka bwanji? Zidatheka chifukwa aliyense ankasunga zake m'mutu. Pusi ankadziwa kumene masuku apsa, koma kwa mnzake duu. Mleme ankadziwa za nthudza, nayenso duu. Wina ankayenda tsiku lathunthu mimba ili pepuu, pamene kuseri kwa chulu chapafupi zipatso zikuwola.

Ndiye kudabwera Khwangwala, amene adakhalitsa m'tauni, kudya za m'mabini a maofesi ndi kumvetsera pamawindo. Adabwera ndi kabokosi kolankhula, kokhala ndi sola pamwamba.

"Awa ndi makina anzeru," adatero Khwangwala. "Paokha sadziwa kanthu. Koma aliyense akamawauza zimene waona, amaphunzira. Zowauzazo kutauni amati deta. Akakhuta deta, amatha kukuuzani kumene zipatso zipse mawa."

"Ndiye ula umenewo," adatero Pusi.

"Ula umadya nkhuku, achimwene. Awa amadya nkhani basi."

Khwangwala adaikonza ntchitoyo monga timachitira ndi chimanga. Padali pofikira, pamene aliyense ankatula zimene waona. Padali popetera, pamene nyerere zinkakhala pamzere n'kumafunsa kuti, waona wekha kapena wangomva? Waona liti? Pamalo pati? Nkhani yakumva zinkaitaya. Nkhani yakalekale zinkaiika pambali. Nkhani imodzi yobwera ndi milomo yambiri zinkaiwerenga kamodzi kokha. Zoyera zotsalazo ndizo zinkalowa m'nkhokwe ya makina.

Zinthu zidayenda, nyama zidanenepa, matupi see. Vuto lidali limodzi. Nkhalangoyo idali yowirira, dzuwa silinkafika pansi, ndipo makina ankangoti alankhule pang'ono, basi athima.

Apa mpamene adatulukira a Gwedeza. A Gwedeza adali njovu, ndipo dzinali silidabwere pachabe. Iwo sankathyola zipatso ngati anzawo. Ankagwira mtengo, gwedegwede, gwedegwede. Za pamwamba zikakana kugwa, ankautsamira ndi chipumi, mtengo uja pansi khuu.

"Amangeni pamutu panga pano," adatero a Gwedeza mokoma mtima kwambiri. "Ine ndi dzuwa timayandikana."

Nyama zidaomba m'manja, n'kuwamangirira makina ndi luzi pafupi ndi khutu. Kukweza kudali kosavuta, kutsitsa ndiye kudakanika. Deta ankaifunabe m'mawa uliwonse, aliyense azibweretsa, koma mayankho ankamva okha. Ena ankafika pamtengo n'kupeza makoko ndi ndowe.

Tsono m'mbali mwa mtsinje mudali mtengo wa mfula, ndipo m'mphako mwake munkakhala gologolo wina dzina lake Nachanza. Adali atangochira kumene, ana ali tofiira, maso asanaphenye. Mwamuna wake adapita kutsidya kukaona abale, ndipo monga amuna ena amene tikuwadziwa, njira yobwerera idamusokonekera.

Nachanza adali mayi wochangamuka, koma pa za mtengo wake pakamwa sankatseka. M'mawa wina adafika pofikira paja mchira uli m'mwamba.

"Mfula wanga wayamba kuyezuka," adatero. "Fungo lokha, munthu ukhoza kukhuta."

Nyerere zidafunsa mafunso awo, nkhani idapezeka yoona, idalowa. Nachanza asanatsike n'komwe panthambi imene adakhala, adamva makina akunong'oneza khutu la a Gwedeza. "Masuku a paphiri akatha, pitani ku mfula wa Nachanza. Palibe wokoma kuposa umenewo."

Mantha adamugwira mpaka kumchira. Adatsika, nagwada.

"Bambo, m'mtengomo muli ana anga. Sanaphenye. Zipatsozo ndizikuthyolerani ndekha."

"Ndi timanja timeneto? Ndifa ndi njala iwe ukuthyola. Samutsa anawo."

"Ndiwasamutsire kuti ndi mvula ino, bambo?"

"Usandide ine, Nachanza. Sindine ndasankha. Asankha ndi makina."

Mawu amenewa, ana inu, muziwaopa. Ine amandinyansa. Munthu akafuna kukupweteka koma manja ake aoneke oyera, amaloza chinthu chimene sichingapite kubwalo la milandu.

Nachanza adalira pang'ono, kenako adapukuta misozi, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Adathamangira kwa Khwangwala.

"Achimwene, ndikawauza makinawa kuti mfula wanga ndi wowawasa?"

"Nyerere zikalawa, ndipo zikugwira bodza."

"Nanga iwowo amasankha bwanji?"

"Amakhulupirira zimene zanenedwa ndi ambiri. Iwo alibe maso, mlongo wanga. Maso awo ndi nyerere zija."

Nachanza adagwedeza kamchira, nzeru itamubwerera. Kenako adanyamuka osatsanzika.

Adawapeza a Gwedeza paphiri, masuku ali m'kamwa tho, ndipo mitengo yotsala idali yowerengeka.

"Wawa bambo. Ndabwera kudzapepesa. Mwana wamng'ono ngati ine sindikadayenera kutsutsana ndi makina."

"Wayamba kukula," adatero a Gwedeza, uku akutafuna.

"Koma chimodzi chikundimvetsa chisoni. Makina anuwa akuonda."

A Gwedeza adaleka kutafuna. "Akuonda?"

"Inu simungawaone, ali pamutu. Ife apansi ndiye timaona. Njovu zinzanu za kutsidya makina awo amadya deta yonse, ali nenepu. Anuwa akudya zotsala kwa nyerere. Ife timabweretsa madengumadengu, izo zimalowetsa kadzanja kamodzi, zinazo kudzala. Kodi mudamvapo njovu ikupeta chakudya?"

"Deta yanga zikutaya kudzala?"

"Makamaka ya akuluakulu. A Fulu akati anene, izo zimati n'zakale. Chonsecho mawu a akuluakulu amakoma akagonera."

A Gwedeza sadadikire kumva zambiri. Kumva kuti anzawo a kutsidya ali ndi chachikulu kudawawawa kuposa minga. Adapita popetera paja, nakweza chitamba, fuuu. Nyerere zonse balala.

"Bwana, mankhusu alowa m'nkhokwe," adadandaula Khwangwala.

"Mankhusu nawonso n'chakudya. Kuyambira lero chilichonse chizilowa. Chakumva, chakale, chamaloto, ndikufuna deta yambiri kuposa ya kutsidya."

Abale, kudali kutula tsiku limenelo. Kadzidzi adatula maloto ake. Fisi adatula miseche ya pamaliro. Bilimankhwe adanena nkhani imodzi, n'kubwereranso kudzaisintha. Makina ankangomeza, kumeza, kumeza.

Nachanza sadatule kanthu. Iye adapita kukaitana mpheta, mbalame zija zimene zimayenda chigulu ndipo nkhani siigona m'kamwa mwawo.

"Atsikana, tiyeni tikachezere agogo a Fulu, akusowa wocheza nawo."

A Fulu adali nkhalamba ya nkhalamba, ndipo ankalankhula monga ankayendera. Nachanza adakhala pansi mwaulemu, mpheta zili mbwee m'tchire.

"Agogo, pa zipatso zonse zimene mudadyapo, chokoma koposa n'chiti?"

A Fulu adatulutsa khosi pang'onopang'ono, maso akuwala.

"Mkuyu... wa pakati... pa dambo la nsenjere. Nkhuyu zake... ngati nkhonya. Ukaluma... uchi kutsika m'chigongono. Nyerere m'kati... ayi, ngakhale imodzi. Koma..."

Pamene a Fulu ankakoka mpweya kuti apitirize, mpheta zidali zitauluka kale, pululu. Nachanza ankadziwa bwino chimene chinkabwera pambuyo pa "koma" ameneyo. Sadaziitane. Adangowasendezera agogo aja bowa, nati azidya.

Mpheta yoyamba idauza makina za mkuyu wa padambo. Yachiwiri idanena zomwezo, nkhuyu zitakula ngati maungu. Zimene zidatsalira m'mbuyo zidamva kwa zinzawo, nazonso zidakatula. Njiwa zidamva kwa mpheta, nkhwali zidamva kwa njiwa. Wofunsa kuti waona wekha padalibe, ndipo makina ankawerenga mlomo uliwonse ngati mboni yatsopano.

Kutacha, masuku atatheratu, a Gwedeza adatambasula chitamba chakumtsinje. Nachanza adali pakhomo pa mphako yake, ana ali kumbuyo kwake.

"Ndiye lero ndi mfula uja?" adafunsa a Gwedeza.

"Ayi," adatero makina. "Pitani ku mkuyu wa pakati pa dambo. Auchitira umboni ambiri kuposa mtengo wina uliwonse m'nkhalango muno."

"Mwaona kukoma kwa deta yambiri?" adatero a Gwedeza kwa Khwangwala. "Nyerere zako zinkandibisira."

Adauyamba ulendo, dovu likutsika. Atafika m'mphepete mwa dambo adaima, nayang'ana uku ndi uku. Nsenjere zokhazokha.

"Sindikuuona."

"Pitani patsogolo," adatero makina.

Chubwi, chubwi, madzi m'mapazi.

"Sindikuuonabe."

"Pitani patsogolo."

Chubwi, chubwi, madzi m'maondo. Wanzeru akadabwerera pomwepo. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. A Gwedeza adaponya mwendo wina, pansi padalibe. Adatitimira mpaka m'mimba, matope adawagwira nganganga.

"Mwafika," adatero makina. "Idyani bwino."

Kulira kwa a Gwedeza kudamveka mpaka kutsidya. Nyama zonse zidathamangirako, n'kuima pouma. Zina zinkabisa nkhope m'masamba, mapewa okha akugwedezeka. Nachanza adakwera pabango lalitali, nakhala mwaulemu.

"Ndani adati pano pali mkuyu?" adakalipa a Gwedeza.

"Ife tidamva kwa njiwa," zidatero nkhwali.

"Ife tidamva kwa mpheta," zidatero njiwa.

"Ine ndidamva kwa uyu." "Ine kwa uyo." "Ine kwa msuweni wanga." Mpheta zidalozana, kulozana, mpaka nkhani idakafika pa a Fulu. Koma a Fulu padalibe. Adali m'njira kuyambira dzulo lake, kulondola mpheta zija kuti amalize mawu awo.

Adafika dzuwa litapendeka, nakhala pansi, napuma, natulutsa khosi.

"Ndimati... koma udagwa kalekale."

"Udagwa?" adatero a Gwedeza. "Adaugwetsa ndani mtengo wabwino chotero? Chitsiru chake n'chiti?"

A Fulu adawayang'ana nthawi yaitali.

"Agogo anu, mwanawe. Ankafuna nkhuyu... za pamwamba. Dzenje mwalowamolo... ndi pamene padali mizu yake."

A Gwedeza makutu adagwa. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, adachita manyazi enieni.

Nachanza adatsokomola pang'ono. "Bambo, mutuwo ukutsika. Makinawo akalowa matope, ndani atiuze njira yokutulutsirani? Tapatsirani kuno."

A Gwedeza adadula luzi ndi chitamba chawo chomwe, napereka makina kumtunda. Khwangwala adawakhazika pathanthwe loyera pakati pa nkhalango, pamene mitengo yogwetsedwa ndi a Gwedeza idasiyira dzuwa mpata, ndipo aliyense akhoza kumva yankho. Adakapepesa nyerere, ndipo izo zidabwerera zili chinyinyirire, poti nkhokwe yonse idali maloto ndi miseche. Kupeta kwake sikudali kwa tsiku limodzi.

Njati, zimene zikadatha kukoka njovu, zidaponda m'mphepete mwa dambo n'kupukusa mitu. Zidati pansi mpofewa, adikire mvula idule kaye. Choncho a Gwedeza adakhala m'menemo, kudya nsenjere zimene chitamba chinkafikira, achule akuwaimbira pamsana.

Pamene njati zinkawatulutsa, nthiti zikuwerengeka, zipatso za mfula zidali zitagwa zokha, nyama zonse zitadya n'kukhuta. A Gwedeza adadutsa pamtsinje paja mwakachetechete. M'mwamba, ana a Nachanza ankathamangitsana m'nthambi, maso ali gwa. Kamwana kamodzi kadaima, n'kufunsa amake kuti chimunthu chamatopecho n'chiyani.

"Perekani moni kwa bambo," adatero Nachanza. "Achokera kokadya nkhuyu."

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene adakwirira mbatata paphulusa akaione, ingapserere. Ndipo inu akuluakulu amene mumabwera kuno ndi mafoni n'kumatiopseza kuti makina atero, ife sitikana. Koma musanalowe m'dambo, muziyamba mwafunsa kuti makinawo adya chiyani, ndipo adawapetera ndani.