Mzinda Womwe Unafufutika

Anzake kuntchito ankamutcha Ndikudziwa, chifukwa sankalola munthu kumaliza chiganizo. Pabalaza pake panali kompyuta yapatebulo, ndipo m'gemu ina iye ndi mwana wake wamkazi ankamanga mzinda limodzi. Chisiyanirane ndi mayi ake a mwanayo, mtsikanayu ankabwera Loweruka lokha, ndipo kunena zoona, pamzinda umenewu m'pamene awiriwa ankapezera zokamba.

Mzinda utakula, gemu inayamba kudodoma. Ndikudziwa anawerenga pa intaneti za fayilo sisitemu yatsopano, ndiye kuti kasanjidwe kena ka mafayilo pa disiki, yomwe amati imathamangitsa magemu. Mtima unangoti dyokodyoko, n'kuimbira mlamu wake wokonza makompyuta.

"Alamu, mwina gemu izitsegukako msanga, koma kudodomako si kumeneko ayi," anatero mlamuyo. "Ndipo musanafomate, muyambe mwakopa..."

"Ndikudziwa!" Foni thi.

Anakopa zithunzi, anakopa nyimbo, n'kufomata disiki yonse, ndiye kuti kufufuta zonse za m'menemo kuti aikemo kasanjidwe katsopano kaja. Foda yosunga mzinda inali yobisika, ndipo sinamubwerere n'komwe m'mutu. Gemu itatseguka inamulandira ngati mlendo, thengo lokhalokha. Chopweteka n'chakuti atayesa gemu ina yolemera, inadodoma monga kale. Mlamu atabwera anatsegula bokosi la kompyuta n'kupeza fani yoziziritsira makina itatsamwa ndi fumbi. Anaipukuta, makina n'kuyamba kuyenda myaa, koma mzinda unali utapita.

Loweruka litakwana, mkuluyu anakonza zonamizira magetsi. Bodza linafika pakhosi ndithu, koma ataona mwana akuvula chikwama mothamangira pakompyuta, manyazi anamugwira.

"Mwanangu, mzinda uja ndaufufuta ndine. Amalume ako amandichenjeza, ine osamva."

Mtsikanayo anayang'ana thengo lija, misozi ili mbwembwembwe, n'kulowa kukhitchini. Ndikudziwa anachita mantha enieni. Anaona kuti Loweruka linalo adzakhala yekha pabalazapo.

Patapita nthawi anamva mpando ukukwekwetezedwa pambali pake.

"Tasunthani, adadi. Misewu yanu ija inali yokhotakhota kale. Ulendo uno misewu ndimanga ine, inu muzingobzala mitengo."

Bamboyo anasuntha msangamsanga, akuseka, maso ali psuu. Akuluakulu sananame: dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu.