Khonde Loyera la a Jeremiya

Pa Kanyenyeka, kamsika ka m'mbali mwa msewu wafumbi wopita ku Chamama, Lachinayi lililonse khonde la sitolo ya a Jeremiya Kamanga silinkaoneka pansi. Amayi ankayala tomato, usipa ndi nyemba kuyambira pakhomo mpaka pangalande. Akaunjika ankapachika malaya pansanamira, akabaza n'kutsamiritsa njinga pakhoma. Wofuna shuga m'sitolomo ankachita kulumpha madengu.

Sitoloyo inali chipinda chimodzi mwa zisanu za nyumba imene a Jeremiya anamanga mu 2021, fodya wawo atayenda bwino ku okushoni. Zipinda zinayi zinazo anasungira amalonda akuluakulu, a feteleza ndi a zitsulo, oti adzatukule malowo. Zaka ziwiri zinadutsa mukugona mileme.

Pa 13 Epulo 2023, tsiku la msika, kunabwera a Hussaini, eni masitolo awiri a zipangizo zaulimi ku Kasungu Boma. Galimoto anaisiya kutali, pamjigo, chifukwa panalibe podutsa. Anazungulira msika wonse wapansi, anasuzumira m'zipindazo, nati adzabweranso mu Julaye alimi akagulitsa fodya. Potuluka anaponda madzi otsukira nsomba, napukuta nsapato paudzu. Pa zonse za tsikulo, a Jeremiya anaona nsapato yokhayo.

Iwo ndiwo anali wapampando wa komiti ya eni masitolo. Pa 12 Meyi anaitanitsa msonkhano, nanena kuti ogulitsa pansi onse asamukire kuseri kwa chigafa chakale cha fodya, kutsogolo kwa masitolo kuyere.

"Achimwene, tayambani mwaganiza," anatero a Amisi, a golosale yoyandikana ndi sitolo ya a Jeremiya. "Amene mukuwathamangitsawa ndi amene amagula sopo wanga popita kwawo."

"Inu a Amisi mphuno zanu zinazolowera usipa," anayankha a Jeremiya. "Munthu wa ku Boma angaike katundu wake pamene pakuuluka ntchentche? Tikufuna mabizinesi enieni pano, osati madengu."

Mwa anthu asanu ndi anayi, asanu ndi awiri anakweza manja kuvomereza.

Uthengawo anakaupereka okha kwa mayi Feggie, amene anakhala akugulitsa tomato pamalowo zaka khumi ndi chimodzi ndipo amayi ena onse ankawamvera.

"Bambo, ine ndinayamba kukhala pano nyumba yanuyi ili thengo," anatero mayi Feggie. "Khonde lino amasesa ndani m'mawa?"

"Sindinakutumeni. Kuyambira pa 1 Juni mukhale kuseri kwa chigafa."

"Kuseri kwa chigafa kumapita mbuzi ndi anthu okataya madzi. Ndamva, bambo. Tichoka."

Anachokadi, koma kuchigafa sanapondeko. Lachinayi la pa 1 Juni anasenza madengu mpaka pamphambano, mtunda wa makilomita atatu, pamene maminibasi amatsitsa anthu. Sabata yotsatira akaunjika anawatsatira. Akabaza nawo sadikira munthu pamene palibe munthu. Pofika kumapeto kwa mweziwo, alimi a m'midzi yozungulira anali atasintha njira, ndipo mchere ndi mafuta ankagula komweko m'timaokala timene tinamera ngati bowa.

A Jeremiya anapaka nyumba yawo laimu, anadzala maluwa m'matayala akale, nakhoma chikwangwani cholonjera amalonda atsopano. Akazi awo, a Agnesi, amene ankakhala pakauntala, ndiwo ankaona buledi akuchita nkhungu pashelefu.

"Bambo a Yankho, lero Lachinayi lonse alowa anthu atatu, wina wangofunsa nthawi. Pitani mukawapepese amayi aja, abwerere."

"Ine ndikapepese wogulitsa tomato? Dikira Julaye uone."

Pa 20 Julaye a Hussaini anabweradi. Ulendo uno galimoto anaimika pakhomo penipeni. Anatsika, nayang'ana uku ndi uku. Pamsewu wonse panali galu mmodzi ndi a Amisi, atakhala pabenchi.

"Kodi pagwa zovuta pano? Kuli maliro?"

"Ayi bwana, takonza," anatero a Jeremiya akumwetulira. "Chipwirikiti chija tinachotsa. Tsopano ndi malo oyenera anthu ngati inu."

A Hussaini anayang'ana maluwa a m'matayala aja.

"Bambo Kamanga, ine chipwirikiticho ndi chimene ndinabwerera. Mu Epulo ndinasowa poimika galimoto, ndipo ndinapita kwathu nditasankha kale chipinda chapakonacho. Mlimi amene wabwera kudzagula usipa ndi yemweyo amafunsa mtengo wa mbewu. Feteleza ndigulitsa kwa maluwawa?"

"Koma nsapato yanu tsiku lija..."

"Nsapato amatsuka. Anthu aja apita kuti?"

Anayankha ndi a Amisi, akuloza ndi dzanja chakumphambano. Mlendoyo anatsazika mwaulemu, osalowa n'komwe m'nyumbamo.

Mu Okutobala, mvula isanagwe, a Hussaini anatsegula sitolo pamphambano, m'chinyumba cha malata chosapaka utoto, moyang'anizana ndi madengu a tomato. Mu Novembala a Amisi anapakira katundu wawo m'ngolo nalowera komweko. Mwa asanu ndi awiri amene anakweza manja, anayi anasamuka chaka chisanathe, ndipo palibe anatsazika wapampando.

Sabata ya Khirisimasi a Jeremiya anapalasa njinga mpaka pamphambano. Anaima pamaso pa mayi Feggie chipewa chili m'manja, nati komiti yasintha maganizo, khonde lilipo.

Mayi Feggie sanasiye kuunjika tomato.

"Zikomo, bambo, mwayenda mtunda. Koma khonde lanu ndamva kuti layera kwambiri. Ife tingakalidetse." Atatero anatembenukira kwa wogula. "Muluwu kapena uwu, asisi?"

Sitolo ya a Jeremiya inatsekedwa pa 29 Febuluwale 2024. M'zipinda zonse zisanu tsopano amasungiramo mapesi ndi mitengo ya zigafa, ndipo eni ake anabwerera kumunda ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi. Anataya anthu amene anali nawo pakhomo chifukwa cha munthu amene anali asanabwere, ndipo anthuwo anapita naye mlendoyo. Akale sananame: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.