Mapazi a Lufeyo ndi Udoni wa Apongozi

Ana inu mumati apongozi akakumana ndi mkamwini panjira amayang'ana pansi chifukwa cha ulemu. Ulemu wa chiyani! Khalani pansi ndikuuzeni.

Kale apongozi ndi mkamwini ankapisa mbale imodzi, kuseka mpaka kuombana m'manja. Nthawi imeneyo kunali mkamwini wina dzina lake Lufeyo, yemwe anagwirapo ukhukhi kwa Mjapani womanga milatho. Ntchito anagwira miyezi itatu yokha, koma matama ake ngati anabadwira kwawo kwa Ajapani komweko.

Lufeyo anatopa ndi chikamwini. Ankafunitsitsa kutenga mkazi wake Esinta kupita naye kwawo ku chitengwa, koma apongozi ake, aNangozo, ankangoti tiona. Ndiye anaganiza zowafewetsa mtima ndi udoni, chakudya cha Ajapani cha ufa wa tirigu, chokhala ngati zingwe zonenepa zoviika mu msuzi.

Pajatu ufa wa udoni ukakandidwa umalimba, manja amakanika, ndiye eni ake amaukulunga bwinobwino n'kuuponda ndi mapazi. Lufeyo anati zokulungazo n'zochedwetsa. Anadzitsekera m'khitchini, n'kuika mtandawo m'lichero, n'kukwerapo. Anauponda ngati akuumba njerwa, kenaka anaudula zingwezingwe, n'kuwiritsa, n'kuthira msuzi wa nkhuku ndi anyezi.

ANangozo anadya mpaka thukuta. Anapempha mbale yachiwiri, msuzi n'kumwera m'mbale momwemo. Atatsuka m'kamwa anati mwana wawo sangafe ndi njala, Lufeyo apite naye loweruka likubwerali. Kenaka anafunsa chimene chinachititsa kuti zingwezo zikhale zotanuka chonchija, ndi kamchere kolowerera mpaka mkati.

Esinta anamutsina mwamuna wake pantchafu kuti atseke pakamwa. Koma munthu wamatama akayamikiridwa, ngakhale umutsine ndi pulayazi samva.

“Amayi, mchere sindinathiremo wambiri ayi,” anatero Lufeyo. “Luso lonse lili apa.”

Anavula nkhwaira n'kutukula phazi. Chidendene chinali ndi ming'alu yoti njere ya chimanga n'kubisalamo, ndipo m'ming'alumo munali mutatsalira ufa woyera.

ANangozo analiyang'ana phazilo nthawi yaitali, n'kuyang'ana mbale ziwiri zimene anaseteka, n'kudzuka mwakachetechete kupita kuseri kwa nkhokwe. Atabwerako anauza Esinta kuti akauze mwamuna wake kuti za chitengwa aiwale, ndipo kuyambira tsiku limenelo azidyera kwayekha. Lufeyo anakalambira pamudzi pomwepo akulima munda wa apongozi.

Nkhani inawanda midzi yonse, apongozi onse n'kutengera pomwepo. Ndi chifukwa chake lero apongozi sadyera pamodzi ndi mkamwini, ndipo akamuona akubwera amapatuka n'kuzyolika. Si manyazi amene aja, ana inu. Amakhala akuyang'ana mapazi.