Ng'oma Imene Inabisala Pamsana pa Mwana

Tsiku lina masana Mwandida wanga atatentha thupi, ndinamugoneka pachifuwa panga. Iye anafunsa kuti, "Ababa, bwanji mukamandigoneka mumandigogoda pamsana mofanana masiku onse? Kawiri, kamodzi, kenako mumaima?" Ndinati, "Tchera khutu, mayi wanga."

Kalekale, patsinde pa phiri lina, panali mudzi. M'mudzimo munali kachisi. M'kachisimo munali ng'oma, dzina lake Mgundamvula.

Ng'omayo inali ndi malamulo ake. Sinkakhudza dothi, inkakhala pamphanda. Mkazi sankaigwira. Maombedwe ake ankawadziwa munthu mmodzi yekha, ndipo iye akakalamba ankaphunzitsa mwana wamwamuna wa mlongo wake. Mvula ikachedwa, ng'oma inkalira. Mizimu ikamva, inkati, "Awo ndi ana athu." Ndipo mvula inkagwa.

Woomba wa nthawi imeneyo anali Kafanikhale. Mlongo wake anasiya ana awiri, Dzoole ndi Nachanza. Dzoole ankapempha, "Atsibweni, ndiphunzitseni." Iwo ankati, "Ndevu zako zikadali za mbuzi yaing'ono. Dikira." Chaka china, "Dikira." Chaka chinanso, "Dikira."

Ndiye kunabwera nkhondo.

Anali anthu a zishango. Ankatentha nkhokwe, ankatenthanso akachisi, chifukwa ankadziwa kuti mtundu wopanda ng'oma yake suvuta kuuweta. Utsi utaoneka kutsidya, mudzi wonse unathawira kuphanga la m'phiri. Kafanikhale ndi Dzoole ananyamula ng'oma pamtengo, osaigwetsa, osaikhudzitsa pansi. Nachanza anabereka khanda lake, Chikaiko, n'kumatsatira.

Atafika, Dzoole anati, "Taiwala nsupa ya mafuta a nsatsi odzoza ng'oma." Anatsika kukaitenga. Anamudikira. Anamudikira. Dzoole sanabwerenso.

M'phangamo munali lamulo limodzi: chete. Atambala anawapha. Mitondo anaisiya. Munthu akafuna kutsokomola ankaluma nsalu.

Koma ng'oma sinamve lamulolo.

Dzuwa likafika pamutu, popanda woigwira, inkayamba kung'ung'udza. Huuu. Huuu. Ngati munthu wotsekeredwa m'nyumba. Nachanza ankaimva m'mano. Anaifunditsa zikopa, koma huuu. Anaitseka ndi udzu kunsi, koma huuu.

Amuna anati, "Akulu, ng'oma yanu itiphetsa."

Kafanikhale anayang'ana mdzukulu wake woyamwayo. Kenako anatenga mpeni. Anati, "Pepani, eni ake." Anang'amba chikumba cha ng'oma.

Munatuluka mphepo yozizira, yonunkhira dothi lonyowa. Inadutsa pakati pa anthu, ndipo Nachanza anamva ngati khamu likutuluka m'phangamo, mapazi ambirimbiri, koma maso sanaone munthu. Ng'oma inati zii.

Mawa lake ankhondo anafika pansi pa phanga. Zishango zawo zinkamveka kukhula m'tchire. Pomwepo Chikaiko anakwinya nkhope, natsegula pakamwa. Nachanza anamugwedeza, osatheka.

Kafanikhale anakwawa. Anaika zala pamsana pa mwana ali kumbuyo kwa mayi wake. Gu-gu, ti. Gu-gu, ti-ti. Gu.

Mwana anatseka pakamwa. Anagona. Ankhondo anapitirira.

Kuyambira tsikulo, dzuwa likafika pamutu, nkhalamba ija inkabwera. Gu-gu, ti. Gu-gu, ti-ti. Gu. Kugogodako kunkadutsa mwa mwana n'kulowa m'nthiti za Nachanza.

Tsiku lina Nachanza ananong'ona, "Atsibweni, kodi amenewa si maombedwe a..."

"Khala chete, iwe. Ine sindikuphunzitsa mkazi kanthu. Ndikungogoneka mwana."

"Inenso sindikumva kanthu, atsibweni. Makutu anga ali kutsogolo."

Nkhalamba inaseka popanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. Kenako inati, "Dzoole ndinamuuza kuti adikire. Iwe sindikuuza."

Chisanu cha m'phanga chinamulowa Kafanikhale m'chifuwa. Zala zake zinafooka, zinafooka, mpaka zinaleka. Anamuika kuseri kwa mwala, opanda maliro, opanda nyimbo.

Nkhondo inatha monga zimathera nkhondo, itatopa yokha. Otsala anatsika, atanyamula ng'oma yong'ambika ija. Anamanga kachisi wina paphulusa. Anakunga chikumba chatsopano. Anati, "Ng'oma tapulumutsa."

Mvula inachedwa. Mwamuna wina anaomba. Ng'oma sinalire. Wina anaomba mpaka manja kutupa. Kunali ngati kumenya chulu.

Ndiye kunayamba zoopsa. Masana, dzuwa likuswa mtengo, m'mudzi munkamveka mapazi. Ankayenda nyumba ndi nyumba, n'kuima pakhomo. Agalu ankabisa michira. Ndipo mawu ankafunsana chapansipansi, "Ana a yani awa?"

"Sitikuwadziwa."

"Tiyeni tizipita. Titenge mvula yathu."

Zitsime zinauma. Chimanga chodzalidwa m'fumbi chinapserera m'nthaka. Nachanza ankamva zonsezo, ndipo nthiti zake zinkagunda zokha. Koma ankaopa. Mkazi ndi ng'oma? Adzati ndi mfiti.

Tsiku lina anthu atasonkhana pakachisi, mapazi aja anabwera. Anazungulira bwalo. Anadzaima kumbuyo kwa Nachanza. Anamva mpweya wozizira pakhosi pake. Chikaiko, wowonda ndi njala, anayamba kulira.

Mawu anati, "Nanga kakang'onoka n'ka yani?"

Nachanza anamasula mbereko. Anamuika mwana pachifuwa. Anamugogoda pamsana. Gu-gu, ti. Gu-gu, ti-ti. Gu.

M'kachisi, mopanda munthu, Mgundamvula inayankha. Gu-gu, ti! Gu-gu, ti-ti! Gu!

Anthu anagwa chafufumimba. Mkulu wina anakuwa, "Mkazi waomba ng'oma! Malaulo!"

Nachanza anati, "Ndaigwira liti, agogo? Ine ndikungogoneka mwana."

Kumbuyo kwake wina anaseka popanda mawu. Nachanza anakudziwa kusekako. Ndipo mawu ambirimbiri anati, "Ndi athu. Ndi athu awa."

Kumwamba kunada. Dontho loyamba linagwa pamphumi pa Chikaiko.

Mvula itakata, akulu anati, "Sankha mwamuna mmodzi umuphunzitse, monga mwa mwambo."

Nachanza anati, "Mmodzi? Dzoole anali mmodzi. Gwadani nonse, munditembenuzire misana."

Anagwada, a ndevu ndi a dazi omwe. Anawagogoda mmodzimmodzi mpaka misana yawo inadziwa. Anaphunzitsanso amayi onse oyamwitsa. Anati, "Nkhondo ikadzabweranso, idzatenthe mudzi wonse, koma sidzatha kufufuza msana wa mwana aliyense."

Ukuona, mwanawe? Chosema n'chofunika kuchinyamula pothawa, ndipo anachita bwino kuchinyamula. Koma chimene chili m'mutu mwa munthu mmodzi chimalowa naye m'manda. Cha makolo chimasungika pochigawa.

Nthano yanga yafika pamathero, yathera pomwepa.

Mwandida anali atatsinzina, koma anafunsabe, "Ndiye n'chifukwa chake, ababa?"

Ndinati, "Eya, mayi wanga. Amayi anandigogoda chonchi, iwonso anagogodedwa chonchi. Ndikubisa ng'oma mwa iwe. Tsiku lina wina akadzaima kumbuyo kwako n'kufunsa kuti ndiwe mwana wa yani, usadzaope. Msana wako udzayankha."