Njinga ya Lufeyo, Alamu Atatu ndi Dzina Limodzi

Kalekale, njinga zamoto zitangoyamba kumene kulira m'midzi ya kuseri kwa phiri, kunali wakabaza wina dzina lake Lufeyo. Inu, mukanamuona munthu ameneyu akuyenda! Miyendo tang'a ngati wakwera ng'ombe yosaoneka, dzanja pamsana, khosi gwa, matako m'mbuyo ngati bakha. Penda uku, penda uko, kenaka, "Ayo-o, msana wanga!" Koma pakamwa pokha posatseka. Mawu ankatuluka odukaduka ngati akadali pamabampu: "Kwe-kwe-kwerani, mayi! Iyi ndi nde-nde-ndege! Mukafika musanakhale n'komwe!"

Ndege yakeyo anthu ankaitcha Chule. Mashoko ake, aja amameza mabampu kuti wokwera asamve kuwawa, anali atafa osaikidwa. Ikaponda kamwala kangati nzama, wokwera ankaona madenga a mudzi wina. Mayi wina anakwera ndi mkaka, pofika kumsika unali chambiko. Mkulu wina anakwera mano ali m'kamwa, anatsika ali m'thumba. Mukuseka? Kafunseni kumeneko, mkuluyo mpaka lero amadya phala.

Tsono Lufeyo anali mkamwini, ndipo mkazi wake Esinati anali ndi pakati poyamba. Tsiku lina Esinati anabwera kuchokera kusikelo nkhope ili khuma. Anamwino anali atamuuza kuti mwana wakhala mopingasa, ndiye matenda akadzayamba asadzachedwe panjira, komanso asadzagwedezeke. Chikokolokereni mlatho, galimoto inali isanapondeko kumudziko. Chonyamula munthu chinali chimodzi basi: Chule.

Lufeyo anayang'ana mimba ya mkazi wake. Anayang'ana Chule. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, pakamwa panakhala chete mpaka ntchentche zinadabwa. M'mawa mwake anakankha njinga kupita kwa alamu ake, alongo ake a Esinati, omwe analipo atatu.

Woyamba anali Binisoni, wamkulu wa onse, makaniko wa patsinde pa mtengo wa mango, munthu woumira mawu ngati amagula. Anagwira mahandulo n'kukanikiza. Kutsogolo kwa njinga kunagwada, osadzukanso, ngati munthu wopepesa mlandu. Anamasula mafoloko onse awiri, aja agwira tayala lakutsogolo, n'kukhuthula za m'katimo. Munatuluka chimadzi chakuda bi, chonunkha ngati kuseri kwa msika.

"Alamu, munathiramo chiyani muno?"

"Mafuta, alamu."

"Mafuta ati?"

"Aja otsala pokazinga mandasi."

Binisoni anatseka maso ngati akupempherera banja la mlongo wake. Kenaka anagwira ntchito. Anagubuduza mapaipi aja pagalasi kuti aone popindika, n'kuwawongola pang'onopang'ono. Anaika timphira tatsopano totseka oyilo kuti asadonthe. Oyilo weniweni anamuyeza ndi kabotolo, uku ndi uku chimodzimodzi. "Mwendo wina ukamwa kuposa unzake," anatero, "njinga imayenda ngati chidakwa." Atamanga, anakanikizanso mahandulo. Njinga inatsika mwaulemu, n'kudzuka mwaulemu, ngati mtsikana wolangizidwa.

Lufeyo misozi inalengeza. Tsono mudziwe kuti mwana woyamba amatchedwa dzina ndi akuchimuna, ndipo popeza abale a Lufeyo anali kutali, ulemu umenewo unali m'manja mwake kuti apatse amene wafuna. Anamukokera Binisoni kuseri kwa mtengo n'kunong'ona: "Alamu, zikomo yanga yachepa. Mwana akabadwa, dzina mudzatcha ndinu." Binisoni anavula chipewa, ndipo tsiku lonselo ankaimba mluzu.

Wachiwiri anali Dafuleni, wowotcherera zitsulo, munthu waphokoso woti akamanong'ona agalu amauwa. Anasuzumira kumbuyo kwa njinga n'kugwa ndi phwete. "Alamu! Awa ndi masipuling'i kapena zibangili za akazi anu?" Masipuling'i anali atafwamphuka, pomangira pake patang'aluka, tayala lakumbuyo likugwedera ngati dzino la mwana. Dafuleni anaseka mpaka kutsokomola, koma atamva za Esinati kuseka kunatha. Analowa m'shedi momwe munali njinga yakeyake, imene ankaipukuta ndi malaya ake a kutchalitchi, n'kuimasula mashoko ake onenepa aja. Anali aatali kuposa a Chule, ndiye anadula pomangira pakale n'kuwotcherera pena. Magalasi ake otchinga maso anali osweka, koma anati ntchito ya mlongo wake sidikira magalasi. Anawotcherera choncho. M'mawa maso anali atatupa, ofiira psu ngati tomato, misozi ili chuchuchu. Njinga yake inatsala itakhala pansi ngati nkhuku yofungatira, mwini wake n'kumayenda wapansi.

Lufeyo ataona maso amenewo, mtima unasefukira. Pakamwa panathamanga kusiya mutu m'mbuyo. "Alamu, maso anuwa ndiwabweza ndi chiyani? Mwana akabadwa, dzina mudzatcha ndinu!" Mutu utafika unati, "Iwe Lufeyo, watani?" Koma mawu anali atapita, ndipo Dafuleni anali atamunyamula kale m'mwamba.

Wachitatu anali Yotamu, wogulitsa nyama ya nkhumba pamsika. Sipanala sankaidziwa kumutu kapena kumchira. Chimene Mulungu anamupatsa ndi thupi. Yotamu akakhala pabenchi la maliro, a mbali inayo ankakwera kumwamba asanafe. Anapeza Lufeyo akuzungulirazungulira pabwalo ndi njinga, akukuwa, "Yachira! Ikuyenda ngati pamatilesi!"

"Ikuyenda ndi yani?" anafunsa Yotamu. "Ndi inu, munthu wonga bango? Tsiku limenelo simudzakhala nokha, alamu. Padzakhala inu, achemwali ndi mimba yawo, ndiye amayi kumbuyo, chifukwa wodwala sapita kuchipatala popanda womudikirira. Ine ndimayeza nyama pasikelo ya sipuling'i, ndimadziwa. Sipuling'i imanena zoona ikasenza. Achemwali kuphatikiza amayi, ndiye ineyo ndendende. Imani ndikwere."

Anakwera. Njinga inati fwaa, kumbuyo pansi, mphuno m'mwamba. Atangotsetsereka pang'ono, tayala linayamba kukhula madigadi, chitsulo chija chophimba tayala, khwee! Mahandulo anapepuka n'kuyamba kuvina okha, ndipo anthu awiri aja anakathera m'tchire la chitedze. Inu, chitedze pathupi la Yotamu! Malo oyabwa anali ekala yathunthu. Anadzikanda ndi manja, ndi chitsononkho, ndi khoma la nyumba ya eni ake. Koma akudzikanda choncho analoza kamphete ka masitepe kamene kali pansi pa sipuling'i.

"Aka n'kachiyani?"

"N'kokongoletsa, alamu."

"Kokongoletsa ndinu. Tazunguzani tione."

Lufeyo anazunguza sitepe imodzi, sipuling'i inalimbako. Yotamu anakweranso, atanyamula mbale yodzaza madzi pamiyendo. Madzi anatayika onse, iwo n'kugweranso mumzere wa mbatata. Anazunguzanso. Anakweranso. Tsiku lonse anthu ankangoona phiri likutsika ndi kukwera panjinga, litanyowa, likudzikanda. Dzuwa likupendeka, njinga inakhala mowongoka, mphuno ndi mchira mulingo umodzi, ndipo mbale inafika kumtsinje madzi akadalimo.

Lufeyo anayang'ana mlamu wake, zigongono zosupuka, thupi lonse zidzolo. Anadziluma lilime. Anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Mawu anatulukira m'mipata ya zala: "Alamu... dzina... mudzatcha ndinu."

Esinati anali atakonzeka kuti akadikirire kuchipatala nthawi ikadalipo, koma mwana sanafunse munthu. Matenda anayamba masana dzuwa lili paliwombo, mvula itangokata kumene, msewu uli phala. Anakwera monga ananenera Yotamu: Lufeyo kutsogolo, Esinati pakati, apongozi a Nagama kumbuyo ndi beseni. Mkamwini ndi apongozi salankhulana maso ndi maso, ndiye a Nagama ankatumiza mawu kudzera mwa wodwala: "Esinati, auze bambowa kuti kutsogoloko kuli dzenje." Esinati akuti, "Mayo-o!" Lufeyo akuti, "Esinati, uwauze amayi kuti ndaliona."

Pamtsetse wa miyala, mbuzi inadumphira mumsewu. Lufeyo anafinya buleki ndi mphamvu zonse. Chule wakale akanagwada n'kuwaponya onse atatu kudumpha mahandulo. Koma mafoloko a Binisoni anatsika mwaulemu, tayala linagwira nthaka, mbuzi inadutsa ikutafuna.

Kudambo, kumene ngolo zinakumba maenje otsatizana ngati mizere ya fodya, mashoko a Dafuleni ankangomeza, ankangomeza. Esinati, amene anali atatseka maso kudikira kugwedezeka kumene anamwino ananena, anatsegula diso limodzi n'kufunsa ngati afika kale pamsewu wa tala.

Pamtsinje, pamene panali mlatho kale, panatsala kanjira ka pathanthwe, kopapatiza ngati lamba, madzi akuwira mbali zonse. Njinga yolemera kumbuyo ikanavina mahandulo pamenepo, nkhani ikanathera m'madzi. Koma inadutsa itawongoka, monga anaikhazikira Yotamu ndi thupi lake. A Nagama anaiwala mwambo n'kukuwa okha, "Gwirani, bambo, gwirani!"

Kuchipatala anamulandira Esinati chothamanga, n'kumuchita opaleshoni. Anamwino atatuluka anati akanachedwa pang'ono, kapena akanagwa panjira, bwenzi akunena zina. Koma panalibe zina. Panali mwana wamkazi wolira ngati hutala, ndi mayi wake wamoyo. Lufeyo anagwada pakhonde la chipatala n'kuthokoza Mulungu, anamwino, mlonda wa pageti, ngakhale mbuzi ija chifukwa chodutsa msanga.

Mchombo utagwa, linafika tsiku lotulutsa mwana m'chikuta. Anthu anadzaza pabwalo, nthungululu zili pokopoko. Binisoni anabwera ndi nsalu yatsopano yoberekera. Dafuleni anabwera wapansi, atasenza kabedi kachitsulo kowotcherera yekha. Yotamu anabwera ndi mwendo wathunthu wa nkhumba paphewa. Aliyense dzina lili m'kamwa ngati siwiti. Nanga Lufeyo? Lufeyo anali atagona chagada pansi pa njinga, akumanga nati yomangika kale.

A Nagama anatuluka ndi mwana m'manja. "Wotcha dzina ayandikire."

Anaimirira atatu.

Anayang'anana. Binisoni anati, "Khalani pansi, ana inu. Alamu anandipatsa ine."

"Achimwene, ukalamba wayamba," anatero Dafuleni. "Anandipatsa ine, maso anga ali chotupa. Ine ndinavula njinga yanga kuveka yawo. Popanda mashoko anga, kudambo kuja mwana akanabadwira m'matope!"

"Kudamboko mukanafikako bwanji?" anatero Binisoni. "Popanda mafoloko anga, ulendo ukanathera pambuzi."

"Nonse munakonza bwino, sindikukana," anatero Yotamu, akutsitsa mwendo wa nkhumba. "Koma munakonzera munthu mmodzi woonda. Chikhala kuti sindinagwe ine m'chitedze, akanagwa achemwali mumtsinje. Ine ndinawagwera. Ndipo alamu anandiuza ndi pakamwa pawo, atagwira pakamwapo!"

"Wabodza!"

"Wabodza ndinu!"

Wina m'gulumo anakuwa kuti angotcha onse atatu zithe. A Nagama anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Mwana si minibasi yoti ilembedwe kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Dzina lomuitanira kudzadya ndi limodzi, ndipo wotcha ndi mmodzi." Kenaka anatembenukira kukhomo. "Esinati, auze bambowa kuti nati imeneyo yamangika. Atuluke."

Lufeyo anatuluka chokwawa, nkhope yonse gilizi. Anagwada pakati pa bwalo, n'kuwomba m'manja mwaulemu kwa alamu ake mmodzimmodzi. Ulendo uno mawu anatuluka osadukaduka.

"Alamu anga, musatchulane abodza. Palibe wanama pano. Ndinalonjeza a Binisoni, ndinalonjeza a Dafuleni, ndinalonjeza a Yotamu. Nthawi zonse zitatu ndinkanena zochokera pansi pa mtima, ndipo lero mutandibwezera pomwe paja ndikhoza kulonjezanso. Mkazi wanga ndi uyo akupuma, mwana ndi uyu. Ndinali ndi dzina limodzi lokha loti ndithokozere, ndipo ndinalipereka katatu."

Mwana ali m'manja mwa agogo ake, alibe dzina, amalume atatu ali chiimire.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, musangoseka, tithandizeni. Mwanayu amutche ndani: Binisoni amene anapereka luso lake, Dafuleni amene anapereka njinga yake ndi maso ake, kapena Yotamu amene sanadziwe sipanala koma anagwa m'malo mwa mlongo wake?