Uvuni wa Lameki

Pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Chamama padali tenanti dzina lake Lameki. Asadayambe utenanti ankasonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya, choncho pa nkhani ya moto sankafuna kuuzidwa ndi munthu.

Mvula ili mkati, mkazi wake Perpetua adapempha uvuni woti aziphikiramo masikono ogulitsa. Lameki adaponda dothi la pachulu nayamba kuyala njerwa pabwalo, pafupi ndi chigafa momwe mudapachikidwa fodya wawo wa chaka chonse.

"Bambo a Elube, musayale njerwa padothi lonyowa," adatero Perpetua. "Amene adamanga uvuni wa kumishoni uja adayamba wathira mchenga ndi mabotolo osweka, njerwa n'kubwera pamwamba. Kupanda kutero nthaka imamwa kutentha konse."

"Zimenezo ndadziwa kale," adayankha Lameki osatukula mutu. "Ndaumitsa fodya wa mabwana ine, ndiye indikanike sikono?"

Uvuni udauma, wosalala ngati mbiya. Koma masikono oyamba adatuluka opserera pamwamba, kunsi kuli phala. Achiwiri chimodzimodzi.

"Tiyeni tiphwasule pansipo, sitinachedwe," adachonderera mkaziyo.

Manyazi adamuumitsa khosi Lameki. Iye adati vuto ndi kuchepa kwa nkhuni basi. Loweruka masana adalonga zikuni za tsanya mpaka kukamwa kwa uvuni. Moto udalilima, denga la uvuni lidang'aluka, ndipo mphepo idanyamula malawi n'kukawatula pa udzu wa chigafa. Fodya wouma ndi moto sapatsana moni kawiri. Perpetua adathamangira m'chigafamo kuti apulumutseko fodya pang'ono, koma adatuluka atafungata mtolo woyaka, manja atapsa koopsa.

Ku chipatala cha pa Boma la Kasungu mabala adapola, koma zala zidapindika osawongokanso. Manja amene ankafuna kukanda ufa sadathenso ngakhale kumanga mpango kumutu. Atabwerako, kapitawo adawauza kuti nyumba ya pa esiteti imene ankakhalamo ikufunika tenanti wina.

Adabwerera kumudzi pa ngolo yobwereka. M'mawa uliwonse Lameki ankamumanga chitenje mkazi wake, misozi ili m'maso. Perpetua sadamukumbutse kanthu ngakhale tsiku limodzi, ndipo kukhala chete kumeneko kudamuwotcha mwamunayo kuposa moto.

Akuluakulu sadaname: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.