Nkhuni Ziwiri za Bwanali

Pasukulu ina ku Ntchisi, wophunzira aliyense ankabwera ndi nkhuni imodzi yophikira phala. Bwanali, chimphona cha Sitandade 8, anaimitsa Zione wa Sitandade 7 panjira.

"Kuyambira mawa uzindinyamulira nkhuni yanga."

"Chabwino achimwene," anatero Zione, "koma anthu angakusekeni kuti mukuzunza mwana. Bwanji tizichita maere poweruka ndi zitsekerero zitatu za mabotolo? Zikagwa zonse chagada, mwapambana. Zikagwa zonse chafufumimba, mwapambananso. Changa n'chimodzi chokha, zikagwa mosakanikirana. Wogonja azibweretsa nkhuni za tonse awiri."

Bwanali anawerenga ndi zala: ziwiri zake, chimodzi cha Zione. Anavomera akuseka.

Tsiku loyamba zinasakanikirana. Lotsatira chimodzimodzi. Mwa apo ndi apo Bwanali ankapambanako, koma masiku ambiri ankafika thukuta lili kamukamu, nkhuni ziwiri paphewa.

"Zitsekerero zakozi zili ndi mankhwala," anadandaula, nabwera ndi zake. Nazonso zinamukana.

"Mankhwala ake ndi masamu, achimwene," anatero Zione m'mawa wina akujambula pansi. "Chilichonse chimagwa mwa njira ziwiri, ndiye zitatuzi zili ndi njira zisanu ndi zitatu. Zanu ndi ziwiri. Zotsalazo n'zanga."

Bwanali asanamugwire, belu linalira. Pamzere, ahedi anaitana Bwanali kutsogolo.

"Taonani mtima wabwino, kunyamulira mwana wamng'ono nkhuni. Bwanali, upitirize mpaka tidzatsekere sukulu."

Sukulu yonse inaomba m'manja. Zione ndiye anaomba kwambiri.